Famu Ili Kudzuka, Golosale Ili Kutseka: Phunziro la ku Kalingalinga

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akamafika mu Lusaka pa mseu waukulu wa Great East amapitirira malo awiri amene kawirikawiri sawaganizira pamodzi. Malo oyamba ndi famu ya Liempe, m'boma la Chongwe, imene mwini wake ndi Yunivesiti ya Zambia. Malo aciwiri ndi komboni ya Kalingalinga, imene ili kuseri kwa yunivesitiyo, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Ku Liempe nkhani ndi ya kuutsa munda kuti ubale monga uyenera. Ku Kalingalinga nkhani ndi ya magolosale akale, aja anali kudyetsa mabanja pa nkhongole kufikira kutha kwa mwezi, amene tsopano ali kutha pang'onopang'ono, malo ake nasanduka maofesi, nyumba za lendi ndi masitolo a katundu wina.

Nkhani ziwirizi zioneka ngati zosiyana, koma zonse zikhudza mphika umodzi wa nsima. Cakudya cimayambira m'munda, ndipo cimathera m'manja mwa mayi amene ali ndi ndalama za tsiku limodzi lokha. Ngati munda udzuka koma njira yofikira kwa mayiyo itsekeka, dziko likhoza kukolola zoculuka pamene ana a m'komboni agona ndi njala. Mlimi wa kumudzi ali nayo mbali m'nkhaniyi, pakuti nyemba zake, nsawa zake ndi cimanga cake zimagulidwa ndi anthu a m'makomboni omwewa.

KOMBONI IMENE INAMERA PA FAMU

Pamene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, mzindawu unali wozingidwa ndi mafamu a Azungu. Boma la atsamunda silinamange nyumba zokwanira anthu akuda amene anadza kudzafuna nchito, pakuti linali kuwayesa alendo amene adzabwerera kumidzi kwao nchito ikatha. Eni mafamu ena anaona kuti kulipiritsa anthu lendi ya malo omangapo nyumba kunali kopindulitsa koposa kulima. Ndimo mmene makomboni ambiri anayambira, ndipo maina ao acitira umboni kufikira lero. George anachedwa dzina la George Hadjipetrou, mwini malowo. Chawama kale anali kuchedwa komboni ya Roberts. Marapodi asunga dzina la Mtaliyana amene anali kuocha laimu. John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga amene anchito ao anali kugona pamalopo.

Kalingalinga nayenso anamera pa mafamu awiri amene eni ake anawasiya, ndipo ali m'gulu la makomboni akale kwambiri a mu Lusaka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, malowa anali opanda madzi a m'mipope, opanda miseu, ndi odzala madzi nthawi ya dzinja cifukwa ca mwala umene uli pafupi pansi pa nthaka. Mu 1967 Boma linatsegula Mtendere, kumene anthu anali kupatsidwa malo opimidwa kuti adzimangire okha, ndipo linafuna kuti a ku Kalingalinga asamukire kumeneko. Ena anapita, koma ambiri anakana. Cina cimene cinalimbitsa kukanako ndi ndale, pakuti komboniyi inali ndi anthu ambiri otsata cipani ca ANC ca Bambo Harry Nkumbula, pamene Boma linali la UNIP.

Lamulo la nyumba la 1974 linatsegula njira yakuti makomboni otere avomerezedwe, ndi kuti okhalamo alandire cikalata cowalola kukhala pamalo pao zaka 30. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kukonza Chawama, George, Chaisa ndi Chipata, koma Kalingalinga anatsala. Mwai wake unafika kuyambira mu 1980, pamene Khonsolo ya Lusaka inagwirizana ndi bungwe la GTZ la ku West Germany. Anthu a m'komboni, amene panthawiyo anali pafupifupi 13,000, anagwira nchito pamodzi ndi Khonsolo, ndipo panamangidwa sukulu, kiliniki, msika, miseu ndi mipope ya madzi. Mabanja anabwereka ndalama zogulira simenti ndi malata, nagwetsa nyumba za dothi. Munda wakale unasanduka mudzi wokhazikika.

NCHITO YA GOLOSALE YA M'KOMBONI

Owerenga a kumidzi aidziwa golosale yotere, cifukwa ifanana ndi sitolo ya pa mphambano kwao. Ndi cipinda cimodzi kapena ziwiri kutsogolo kwa nyumba ya mwini wake, cokhala ndi thebulo lalitali, sikelo, ndi mashelefu a shuga, mcere, sopo, macesi, makandulo, kapenta ndi saladi. Koma cuma ceniceni ca golosale sicili pa mashelefu. Cili m'kabuku kamene mwini sitolo amalembamo maina a anansi amene atenga katundu kuti adzalipire mwezi ukatha.

Anthu ambiri a ku Kalingalinga salandira malipiro a pamwezi okwanira kugula thumba la unga la makilogalamu 25 nthawi imodzi. Ndi akalipentala ndi oocherera zitseko za citsulo a m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, oumba mabuloko, amayi ophwanya miyala, alonda, ndi anchito a m'nyumba za ku Kabulonga. Ndalama zao zimabwera pang'onopang'ono, ndipo zimacoka momwemo. Golosale imatsegula thumba lalikulu ndi kuligawa m'timapepala tating'ono timene anthu amaticha pamela, imapima saladi ndi kabotolo, imagulitsa shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi. Mtengo wake ukawerengedwa pa kilogalamu ndi wokwera koposa wa m'sitolo yaikulu, ndipo ici ndi cisoni ca wosauka, kuti amagula modula cifukwa ca kucepa kwa ndalama zake. Komabe popanda muyeso waung'onowo banja silikanaika mphika pamoto tsiku limenelo.

Pa maliro, mwini golosale amakhala woyamba kupereka unga ndi makandulo. Mwana akadwala usiku, ndiye amagogodedwa. Mlendo wocokera kumudzi akasocera, amafunsa pa golosale, pakuti mwini wake adziwa yemwe akhala m'nyumba iliyonse. Akulu anati kupatsa nkuika, ndipo malonda a m'komboni akhala akuyenda pa mau amenewa. Sitolo yaikulu ili ndi zabwino zake, koma silemba dzina la munthu m'kabuku.

ZIMENE ZASINTHA MALONDA

Magolosale a Azambia anakula pambuyo pa cilengezo ca ku Mulungushi ca mu Epulo 1968, pamene Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti malonda aang'ono kunja kwa pakati pa matauni akhale m'manja mwa nzika za dziko lino, ndipo Boma linatenga gawo lalikulu m'makampani a masitolo. Ndimo munacokera masitolo a Boma monga ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, katundu anayamba kusowa, ndipo acikulire akumbukira mizere ya saladi, sopo ndi unga imene inali kuyamba tambala asanalire.

Kalingalinga anaona ndi maso mmene mtengo wa unga ungagwedezere dziko. Mu Disembala 1986 zipolowe za unga zinabuka ku migodi ya ku Copperbelt, ndipo anthu 15 anafa. Mu Juni 1990 Boma linakweza mtengo wa unga koposa kawiri. Ophunzira a pa Yunivesiti ya Zambia anatuluka kukacita zionetsero, anthu a ku Kalingalinga ndi Mtendere anawatsata, masitolo anaphwanyidwa, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Pa 30 Juni, Lefutenanti Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda Boma. Ngakhale ciwembuco cinalephera, caka cotsatira dziko linacita masankho a zipani zambiri ndipo UNIP inacoka pampando.

Boma la MMD linagulitsa makampani a Boma, ndipo mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inagula nyumba za masitolo a Boma ndi kutsegula sitolo yake yoyamba mu mseu wa Cairo. Manda Hill anatsegulidwa mu 1999, Arcades anatsatira, ndipo pambuyo pake masitolo a East Park anamangidwa pa malo a yunivesiti, mtunda woyenda pansi kucokera ku Kalingalinga. Coonadi ciyenera kunenedwa: masitolo amenewa anathetsa mizere, analemba acinyamata nchito, ndipo makampani a m'dziko muno monga Zambeef, amene amagulitsa nyama m'masitolo a Shoprite, anakula nawo pamodzi. Koma anatenganso ogula amene anali msana wa golosale, ndiwo a malipiro a pamwezi monga aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki. Iwowa akalandira ndalama amakagula zambiri ku sitolo yaikulu, ndipo ku golosale kumatsala okongola okha. Sitolo imene ogula ake onse ndi a nkhongole siikhalitsa.

Cinthu caciwiri ndi mtengo wa malo. Mu 1975 Boma linalamula kuti nthaka yopanda comangapo isagulitsidwe, koma lamulo la malo la 1995 linabwezera nthaka mtengo wake. Kalingalinga, amene kale anali kuyesedwa kuthengo, lero ali pakati pa yunivesiti, nyumba ya wailesi ya ZNBC ndi Kabulonga. Anthu a ndalama ali kugula malo a m'mphepete mwa mseu, ndipo golosale yakale, imene nthawi zambiri inamangidwa pamalo abwino a pa mphambano, ndiyo imayamba kufunidwa. Mwini wake akakalamba kapena akamwalira, ana amaona kuti kugulitsa malowo kapena kuwacititsa lendi kuposa kupima shuga tsiku lonse. Banja limasamukira kunja kwa mzinda, kumene malo ndi ochipa koma nchito ili kutali.

Cacitatu cinali cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, pakuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anapserera. Madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Sitolo yaikulu inayatsa jenereta. Golosale yaing'ono inataya mkaka, nkhuku ndi soseji za m'firiji, panthawi imene unga unali wodula ndipo anansi anali kulephera kubweza nkhongole.

Sikuti malonda aang'ono atheratu. Kantemba kali paliponse, ndipo mabanja osauka a mu Lusaka akali kugula zakudya zao zambiri pamsika ndi m'timasitolo ta m'komboni. Koma kantemba kali ndi mpamba wocepa. Sikangasunge matumba 50 a unga, sikangakongoze banja mwezi wathunthu, ndipo sikangagule mbeu za mlimi zambiri nthawi imodzi.

KUUTSA FAMU SI NKHANI YA LERO

Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo famu ya Liempe ndiyo munda wake waukulu wophunzitsirapo ndi kulimapo. Yunivesitiyi yakhala zaka zambiri ndi nkhongole zazikulu, ndipo atsogoleri ake akhala akuyang'ana ku nthaka yao kuti iwapatse ndalama. Mbali ina ya malo a mu mzinda anaicititsa lendi kwa omanga masitolo. Ku Liempe njira inali ya ulimi. Pambuyo pa msonkhano wa China ndi maiko a mu Africa umene unacitika ku Beijing mu 2006, Boma la China linamanga pa famuyi malo oonetserapo njira zamakono za ulimi, amene akatswiri a Yunivesiti ya Zaulimi ya ku Jilin anayendetsa pamodzi ndi anzao a kuno. Alimi aang'ono ndi ophunzira aphunzitsidwa kumeneko kalimidwe ka cimanga, soya ndi bowa.

Ici ndi cinthu cabwino, makamaka tsopano pamene mzinda wa Lusaka, umene kalembera wa 2022 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 2.2 miliyoni, uli kumeza mafamu a ku Chongwe, ku Makeni ndi ku Chilanga monga unamezera aja a ku Kalingalinga. Munda ukathiridwa simenti subwereranso. Hekitala iliyonse yapafupi ndi mzinda imene ikali kulimidwa ifupikitsa ulendo wa ndiwo ndi kucepetsa mtengo wake.

Koma mbiri icenjeza kuti kuutsa famu ndi mau kuli kwapafupi koposa kuiutsa ndi khasu. Mu 1975 Boma linatsegula malo a Rural Reconstruction, kumene acinyamata anatumizidwa kukalima pansi pa asilikali a National Service, ndipo ambiri mwa malowo sanathe kudzidyetsa okha. Mu 1980 kunabwera Operation Food Production, imene inalonjeza mafamu awiri a Boma a mahekitala 20,000 m'cigawo ciliconse, koma zambiri zinathera pa pepala. Cimene cinathandiza mlimi wamba cinali cacing'ono, ndico pulogalamu ya Lima, imene inaphunzitsa muyeso wa mbeu ndi feteleza pa gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala. Bungwe la NAMBOARD, limene linali kugula mbeu, linathetsedwa mu 1989, ndipo m'zaka zotsatira alimi ambiri a kutali ndi njanji anavutika kupeza msika; pambuyo pake FRA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Phunziro la zaka zonsezi ndi limodzi: vuto la mlimi wa m'Zambia nthawi zambiri silikhala pa kulima kokha, koma pa kugulitsa.

Cimeneci cinaonekanso posacedwa. Cilala ca 2024 cinagwetsa zokolola za cimanga kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Mvula itabwerera, zokolola za 2025 zinafika pa matani pafupifupi 3.7 miliyoni, zimene dziko linali lisanakololepo. Nkhokwe zinadzala, koma funso la mlimi linakhala lakuti adzagulitsa kuti ndi pa mtengo wotani, ndipo funso la mayi wa m'komboni linakhala lakuti pamela adzatsika liti.

ZIMENE ANACITA A KU LUANGENI

Alimi a ku Luangeni, m'dziko la Inkosi ya Makosi Mpezeni pafupi ndi Chipata, anakomana ndi vuto lomweli zaka zoposa 20 zapitazo. Shoprite itatsegula sitolo ku Chipata kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu a m'tauni anayamba kugula kabici, tomato ndi anyezi m'sitolomo, ndipo ndiwo za m'madimba a ku Luangeni zinayamba kuola pamsika. Mkwiyo unakula kotero kuti ena anaopseza kutentha sitoloyo. M'malo mwa moto panabwera kukambirana. Alimi anapanga gulu, anaphunzitsidwa kulima ndiwo za muyeso umene sitolo ifuna, ndipo anayamba kupereka katundu wao kumeneko.

Nchitoyi inali ndi zobvuta zake. Sitolo yaikulu ifuna katundu wofanana, wofika pa tsiku lake caka conse, ndipo silipira pomwepo monga acitira wogula wa pamsika. Mlimi wodalira mvula ndi ndowa yothirira sangakwanitse zimenezi payekha. Ncifukwa cake ndiwo zambiri zolowa mu Lusaka zikali kudzera pa msika wa Soweto, kumene amayi a pamsika wa Kalingalinga ndi Mtendere amapita mbandakuca kukapikula repu, cibwabwa, impwa ndi tomato. Msika weniweni wa mlimi wamng'ono ndi mayi wa pamsika, kantemba ndi golosale. Golosale ikatseka ku Kalingalinga, mlimi wa nyemba ku Lundazi wataya wogula, ngakhale iwo awiri sanaonanepo.

ZOYENERA KULINGALIRA

Coyamba, famu ya anthu onse monga Liempe iyesedwe ndi muyeso woyenera. Kuculuka kwa matani ndi cinthu cimodzi, koma funso lalikulu ndi lakuti alimi angati aphunzira, ndi kuti cakudya cake cathera m'mphika wa yani. Famu imene siili kutali ndi Kalingalinga, Mtendere ndi Kaunda Square ikhoza kupatula gawo la ndiwo, mazira ndi bowa kuti lizigulitsidwa mwacindunji kwa magulu a amalonda a m'makomboniwa. Bungwe la Zambia National Service linaonetsa mu 2023, ndi unga wake wa Eagle, kuti bungwe la Boma likhoza kulowa pamsika ndi mtengo wotsika. Koma thumba lochipa limathandiza wosauka pokhapokha likafika pafupi ndi khomo lake, m'muyeso umene iye angathe kugula.

Caciwiri, eni magolosale aleke kuyenda yekhayekha. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a pamsika adziwa kale mphamvu ya cilimba. Magolosale khumi akagula unga, shuga ndi saladi pamodzi adzapeza mtengo wofanana ndi wa sitolo yaikulu, ndipo akhoza kupangana ndi kopaletivu ya alimi a ku Chongwe, ku Rufunsa kapena ku Nyimba kuti izibweretsa nyemba ndi nsawa popanda kudzera mwa anthu ambiri a pakati. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, za CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo gawo lina ndi la nkhongole ndi mphatso za magulu a amalonda. Kalingalinga ali m'dera la Munali. Firiji ya mphamvu ya dzuwa ndi nyumba yosungiramo katundu ya gulu ndi zinthu zimene ndalamazi zingagule.

Cacitatu, Khonsolo ya Lusaka, imene lamulo la mapulani a matauni la 2015 linaipatsa mphamvu pa kagwiritsidwe ka malo, isamalire kuti pokonza makomboni pazitsala malo a msika ndi a masitolo aang'ono. Mabanja nawonso aganize kawiri asanagulitse malo amene makolo ao anakana kucokapo mu 1967 ndi kuwamanga ndi manja ao m'zaka za m'ma 1980. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndalama za malo zimatha m'caka cimodzi kapena ziwiri, koma sitolo inaphunzitsa ana ndi kudyetsa adzukulu.

Kwa a kumidzi, nkhani ya Kalingalinga ndi cenjezo la pafupi. Chipata, Katete ndi Petauke nawonso ali kukula, ndipo minda ndi madimba a m'mphepete mwa matauniwa ali kudulidwa kukhala mapuloti. Mafumu ndi anyakwawa amene asunga nthaka ya makolo aone zimene zinacitikira mafamu a ku Lusaka. Pamalo pamene panali mafamu awiri lero pali anthu zikwi zambiri ofuna kudya tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mzere umodzi wa cimanga wowakwanira. Iwowa adalira mlimi wa kutali ndi sitolo ya pafupi. Dziko likafuna kuti famu idzuke, lisamalenso kuti golosale isatseke.